Kuchokera ku Lumbadzi Mpaka ku Springburn: Wophunzira Sapita ku Theba

Mwezi wa Seputembala ukafika, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi limalandira apaulendo a mtundu wina. Ndi anyamata ndi atsikana, ena ndi abambo ndi amayi apabanja, amene akupita kukayamba maphunziro ku mayunivesite a ku Britain, kumene chaka cha sukulu chimayamba mwezi umenewu. Sasowa, chifukwa amabwera ndi minibasi yodzaza achibale, abusa oti apemphere, ndi agogo amene ndege amangoiona ikudutsa m'mwamba. Mtima wa banja umaonekera pa sikelo ya katundu. Chikwama chimodzi sichiyenera kupitirira makilogalamu 23, ndiye mumaona mayi atagwada pansi, akutulutsa nsapato za mwana wawo kuti ufa woyera, usipa, nyemba ndi botolo la Nali zisatsale. Potsanzikana mawu amakhala awiri. Oyamba ndi akuti, "Ukalimbikire sukulu." Achiwiri amanenedwa motsitsa, dzanja likadali m'dzanja: "Usakatiiwale." Ndikufuna kuti titsate ulendo umenewu mpaka ku Springburn, dera la kumpoto kwa mzinda wa Glasgow ku Scotland, chifukwa ndikukhulupirira kuti mawu awiriwa amalimbana, ndipo achiwiriwo, momwe timawatanthauzira masiku ano, akuwononga oyambawo.

Chithunzi chimene Amalawi tili nacho cha munthu wopita kunja chinajambulidwa ndi migodi. Kwa zaka zambiri abambo a m'midzi mwathu ankalembedwa ndi Wenela kupita ku Joni, ena ankayenda pansi kupita ku Harare ndi ku Wankie. A Wenela ankakwera ndege mpaka ku Francistown, n'kupitiriza pa sitima, kufikira mu Epulo 1974 pamene ndege yawo inagwa kumeneko n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuimitsa ntchito yolemba anthu. Wopita kumigodiyo, wotchedwa wa ku Theba, ankamulipirira ulendo, ankamupatsa pogona ndi chakudya, ndipo gawo la malipiro ake linkamudikira kumudzi. Ankabwera ndi njinga, mabulangete ndi wailesi. Wosatumiza kanthu ankatchedwa mtchona, dzina lochititsa manyazi mbumba yonse. Mwambo umenewu sunali wolakwika pa nthawi yake, poti ndalama inkayendadi kuchokera kumgodi kupita kumudzi. Vuto ndi lakuti tautenga wonse n'kuusenzetsa munthu amene ulendo wake ndi wosiyana kotheratu. Kwa wophunzira, ndalama imayenda mobwerera: imachoka kwathu, kapena kwa amene akumuthandiza, kupita ku Britain.

Izi zimayamba asanaponde n'komwe makwerero a ndege. Ayenera kukayezetsa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezeka ndi boma la Britain. Ayenera kulipira viza, imene kuyambira Epulo 2025 inali yopitirira mapaundi 500, ndi msonkho wa zaumoyo wa mapaundi 776 pa chaka chilichonse chimene akakhale. Amene alibe womulipirira ayenera kuonetsa kuti fizi ilipo, ndipo fizi ya digiri yachiwiri kwa mlendo nthawi zambiri imadutsa mapaundi 15,000. Pamwamba pake ayenera kuonetsa ndalama zodyera, zimene kumayambiriro kwa 2025 boma linaika pa mapaundi 1,136 pa mwezi kwa wokhala kunja kwa London, kwa miyezi 9, ndipo zikhale zitagona kubanki masiku 28. Zonsezi zikusakidwa m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja m'mabanki zimachita kupemphedwa. N'chifukwa chake ambiri amene amakwanitsa ndi a thandizo la Chevening, Commonwealth kapena Beit Trust. Koma thandizo limeneli analiwerengera munthu mmodzi, chipinda chimodzi ndi mbale imodzi. Sanaliwerengere feteleza wa amalume.

Palibe ndege yochoka ku Malawi kulunjika ku Britain. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, ena ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Wodzera ku Addis amanyamuka masana, nyanja ya Malawi n'kutsala m'munsi, n'kukatera pa bwalo la Bole kutada. Pamenepo amakhala pa mipando yomweyo ndi amalonda athu opita ku Dubai ndi ku Guangzhou, ndipo n'zosavuta kuwaphatikiza, poti onse ali ndi pasipoti yofanana. Koma wamalonda adzabwera pakatha milungu iwiri ndi katundu woti aike pa shelefu. Katundu wa wophunzira amatenga chaka, mwina zaka zinayi, ndipo sagulitsika theka. Usiku wonse umathera m'mlengalenga, chakudya chikubwera m'timbale tophimba, kankhuku, kampunga ndi kabanzi kozizira, zimene wozolowera nsima amadya n'kumadikirabe chakudya chenichenicho. M'mawa ndi London. Wa pa chipata amafunsa mafunso ochepa, osakweza mawu, osamwetulira: mukupita sukulu iti, mukaphunzira chiyani, akulipira ndani. Mwa mafunso amenewa boma la eni dziko likunena poyera chimene lamulolera munthuyu kudzachita.

Ulendo wa ku Glasgow ndi wa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Potsika, mlendo amakumana ndi nyengo imene wa ku Thyolo angaitche chiperoni, kungoti kuno ilibe mwezi wake. Basi nambala 500 imaima panja pomwepo. Palibe woitanira, palibe kondakitala, palibe wolimbirana chikwama chako. Umagunditsa khadi la kubanki pa kamakina ka dalaivala ndipo mapaundi pafupifupi 10 apita, ndalama yopitirira K20,000 ngakhale pa mtengo wa kubanki, pa ulendo wosakwana theka la ola. Aliyense wobwera kumene amachita samu imeneyi m'mutu, ndipo amaisiya pakatha milungu yochepa chifukwa akanapitiriza sakanagula ngakhale buledi. Basi imawoloka mtsinje wa Clyde n'kukathera pa Buchanan Bus Station. Potsika, aliyense amathokoza dalaivala, mwambo wa mu Glasgow umene umakoma kwa Mmalawi. Tsidya la msewu kuli Glasgow Caledonian University, ndipo kuyenda pang'ono kuli University of Strathclyde ndi nsanja yake yotchedwa Livingstone Tower. David Livingstone anaphunzira za udokotala pa Anderson's College, kholo la yunivesite imeneyi, kuyambira 1836. Anali mwana wa pa fakitale ya thonje ku Blantyre ya ku Scotland, ndipo ankagwira ntchito miyezi ina kuti apeze fizi ndi lendi ya kachipinda mu Rottenrow. Munthu amene dzina la kwawo linapatsidwa mzinda wathu waukulu wa malonda anali wophunzira wowerenga makobidi mumzinda womwewu.

Zipinda za pafupi ndi mayunivesite, makamaka za ku West End kumene kuli University of Glasgow, n'zodula ndipo zimatha msanga. Choncho wa thumba lochepa amalowera kumpoto. Kuchokera pa siteshoni ya Queen Street, sitima imafika ku Springburn m'mphindi zowerengeka. Amene anachoka kumudzi ali ndi Ulaya wa m'mafilimu amakhala chete akatuluka pa siteshoni imeneyi. Pali msewu waukulu wodula dera pakati, nyumba zakale zamiyala yofiira zotsala apa ndi apo, nyumba zazitali za ku Balgrayhill zitaima pamtunda, ndi timashopu ta pa Springburn Way: ogulitsa mankhwala, ogulitsa zovala zovalidwa kale, a juga ya mpira, a tchipisi ndi nsomba yokazinga yothira viniga. Nkhalamba ikukoka kangolo ka zogula, mayi wa ku Eritrea akukankha mwana, mnyamata wa ku Nigeria akuthamangira basi atavala yunifolomu ya kosamalira okalamba. Palibe chonyansa pamalopa. Ndi dera la anthu ogwira ntchito, ndipo limaoneka monga momwe lilili.

Koma pa Flemington Street pali nyumba yaikulu yamiyala yofiira yoti munthu aime n'kuiyang'ana. Inali likulu la North British Locomotive Company, kampani yopanga injini za sitima imene inakhazikitsidwa mu 1903 pamene makampani atatu anaphatikizana, ndipo inali yaikulu kuposa ina iliyonse ya mtundu wake mu Ulaya. Springburn inali ndi mafakitale anayi a sitima: Cowlairs, St Rollox, Hyde Park ndi Atlas. Eni dera amanena monyadira kuti pa nthawi ina injini imodzi mwa zinayi zilizonse za padziko inkapangidwa kwawo. Injinizo zinkakokedwa m'misewu ya mzinda mpaka ku doko, kumene chikepe chachikulu cha ku Finnieston chinkazikweza m'zombo zopita ku India, ku South Africa ndi ku Rhodesia. Ambiri mwa agogo athu a ku Theba anakokedwa ndi injini za kampani imeneyi osadziwa kumene zinachokera. Dziko litasiya nthunzi n'kutengera dizilo ndi magetsi, kampaniyo inalephera kusintha, ndipo inatsekedwa mu 1962. Cowlairs inatsatira mu 1968. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 nyumba zambiri zinagwetsedwa, mabanja n'kumwazikana. Nyumba zazitali za Red Road, zimene zinamangidwa chapafupi m'zaka za m'ma 1960 ngati yankho, nazonso zinagwetsedwa pofika 2015. Lero Springburn ili m'gulu la madera osauka kwambiri mu Scotland, mumzinda umene mwamuna amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 73 zokha, zimene zili m'gulu la zochepa kwambiri mu Britain. M'matchalitchi ndi m'maholo mumagawidwa chakudya chaulere, ndipo ambiri oima pa mzere ndi mbadwa. Ngati eni dziko, amene ali ndi ufulu wogwira ntchito maola onse ndi wolandira thandizo la boma, akuvutika kufika kumapeto kwa mwezi, ndi nzeru yanji imene imatiuza kuti mlendo wopanda ufulu uwiri wonsewo ali ndi zotsala?

Tichite samu, poti ndiyo imathetsa mkangano. Viza ya wophunzira wa digiri imalola maola 20 a ntchito pa mlungu sukulu ili mkati. Kuyambira Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'mwamba anali mapaundi 12.21 pa ola. Pa malipiro amenewo, wogwira maola onse 20, osadwala, osajomba, amapeza mapaundi 244 pa mlungu, kapena pafupifupi 1,060 pa mwezi. Ndalamayi siikufika ngakhale pa 1,136 imene boma lomwelo linanena kuti ndi yofunika kuti munthu akhale moyo. Lendi ya chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anzake imadya pafupifupi theka. Kenako pali basi, foni, ndi kutenthetsa nyumba, kumene kwathu sitikudziwa. M'nyumba zambiri muli mita ya mayunitsi, ndipo mu Disembala, pamene dzuwa limatuluka itatsala pang'ono 9 koloko n'kulowa isanakwane 4 koloko, mitayo imathamanga moti wophunzira amawerenga atavala jekete ndi chipewa, kapena amakhala ku laibulale mpaka kutseka pofuna kutentha kwaulere. Ufa wa ku Lumbadzi uja umatha mu Okutobala. Wina amapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndi ku Asia, wochokera ku South Africa kapena kwina, pa mtengo wopangitsa nsima kukhala chakudya cha Lamulungu. Ntchito zake ndi zosamalira okalamba, kukolopa maofesi ndi kusanja katundu m'mashelefu usiku. Wodutsa maola 20 akuphwanya lamulo la viza, ndipo yunivesite imayenera kutsatira ngati akubwera m'kalasi. Uthenga uliwonse wopempha ndalama umamukankhira ku malire amenewa.

Anthu a ku Glasgow ndi ochezeka kuposa momwe timaganizira za azungu. Pa siteji ya basi gogo akhoza kukuyamba yekha nkhani ya mvula, ndipo ukanena kuti ndiwe wa ku Malawi nkhope yake imawala, chifukwa mpingo wake unasonkhapo za sukulu ku Ekwendeni kapena ku Mulanje, kapena mdzukulu wake anasonkhera phala la Mary's Meals. Ubale wa mayiko awiriwa unalembedwanso pa pepala mu 2005, pamene Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasainirana pangano. Chizungu chawo n'chothamanga moti wokhoza bwino MSCE amangogwedeza mutu mwezi woyamba. Pulofesa amafuna kutchulidwa dzina lake loyamba, zimene lilime la Mmalawi limakana kwa nthawi ndithu. Koma moni wawo ndi wa panjira. Safunsa za kunyumba, ndipo chitseko cha woyandikana naye sichigogodedwa popanda kupangana. Palibe wokapempha mchere, palibe wokabwereka ya basi. Kwathu munthu wopanda ndalama amadyabe, chifukwa pali mbale ya azakhali. Ku Springburn mbale imeneyo imapezeka Lamulungu lokha, m'mipingo ya anthu a ku Africa kapena kwa Amalawi anzake, amene nawonso ali pa samu yomweyo. Ndipo kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri a digiri yachiwiri saloledwa kubwera ndi mabanja awo, choncho wapabanja akusunga nyumba ziwiri.

Wina anganene kuti ndikuiwala chimene banja linachita. Anagulitsa ng'ombe, anakongola ku banki m'khonde, mlongo wake anadikira chaka osapita ku koleji. Kodi mwanayo alibe ngongole? Ali nayo, ndipo yaikulu. Sindikutsutsa ngongoleyo, ndikutsutsa nthawi yoitolera. Amene wabzala chimanga sakumba mbewu mu Januwale kuti aone ngati yabereka. Banja limene lataya zambiri ndilo liyenera kuteteza kwambiri chaka chimenechi, pakuti mwana akalephera mayeso chifukwa chogona m'kalasi atagwira ntchito usiku wonse, kubwereza kumafuna fizi ina ndipo nthawi zina viza ina, ng'ombe zija n'kupita pachabe. Winanso anganene kuti mapaundi 20 ndi kanthu kochepa kumeneko koma kwathu ndi thumba la chimanga kapena mankhwala a mayi. Izi n'zoona, ndipo palibe mwana wolongosoka amene angamve kuti mayi ake agonekedwa ku Kamuzu Central iye n'kukhala chete. Matenda ndi maliro zili ndi malo ake. Chimene chimathyola msana si pempho limodzi lotere, koma kuchuluka kwa opempha, aliyense akuganiza kuti ndi yekhayo: msuweni wa fizi, mnzake wa kusekondale wa mpamba wa geni, komiti ya kutchalitchi ya malata, mlamu wa foni yatsopano. Mapaundi 20 akachulukitsidwa kakhumi ndi pafupifupi mlungu wathunthu wa ntchito yololedwa.

Kutsutsa kolimba kwambiri ndi kwakuti ena amapitadi kukaphunzira ngati khomo lolowera ntchito, ndipo banja limadziwa zimenezo kuyambira pachiyambi. Sindiwaweruza. Dziko limene omaliza ku yunivesite amakhala zaka osalembedwa ntchito silingadabwe ana ake akamayang'ana kunja, ndipo lamulo la Britain lenilenilo limalola womaliza digiri kupempha viza ina yogwirira ntchito kwa kanthawi. Koma khomo limenelo limatsegukira amene wamaliza. Ngakhale amene cholinga chake ndi paundi ayenera kudutsa pa digiri, choncho mfundo yanga ikuimabe. Kwa a Chevening nkhani ndi ina, poti amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo chimene amabweretsa ndi luso, osati galimoto. Apa ophunzira nawonso ali ndi mlandu wawo. Chithunzi choyamba chimene amaika pa Facebook ndi cha pa George Square kapena pa Buchanan Street, atavala chikhoti chatsopano. Palibe amene amajambula mita ya magetsi kapena siteji ya basi ya pa Springburn Road 5 koloko m'mawa. Amabisa chifukwa cha manyazi, ndiponso posafuna kudandaulitsa makolo, koma pobisapo akudyetsa chikhulupiriro chomwe chikuwafinya. Wonena zoona kwa abale ake amathandiza ndi amene adzabwere pambuyo pake.

Pamwamba pa dera pali Springburn Park. Kukacha bwino munthu amaona mapiri a Campsie kumpoto ndi mzinda wonse kumwera. Pomwepo pali mafupa a Winter Gardens, nyumba ya magalasi imene banja la Reid, eni fakitale ya Hyde Park, linapereka kwa anthu mu 1900, ndipo yakhala yotsekedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Kutsika phirilo, pa Flemington Street pomwe paja, pali Glasgow Kelvin College, kumene ana a m'derali ndi othawa kwawo akuphunzira za magetsi, za makina ndi Chizungu. Adzukulu a opanga injini anazindikira mowawa kuti ntchito ya lero ikhoza kutha, ndipo nawonso akukhala pa desiki. Mmalawi wodutsa pamenepo ndi chikwama cha mabuku sali pamwamba pawo kapena pansi pawo. Akuchita zomwe iwo akuchita, kungoti iye walipira mtengo wokwera ndipo nthawi yake ndi yowerengedwa.

Inu amene mwana, mlongo kapena mwamuna wanu akunyamuka Seputembala akubwerayu, khalani naye pansi tikiti isanagulidwe. Lembani pa pepala lendi, chakudya, basi ndi magetsi, m'mapaundi, pambali pa ndalama imene adzalandire. Sankhani munthu mmodzi m'banja woti mavuto enieni azidzera kwa iye, ndipo ena onse auzidwe pamaso pa akuluakulu kuti mpaka mayeso omaliza atalembedwa, foni ya ku Glasgow ndi yofunsira moyo. Mukamuimbira, kumbukirani kuti kuyambira kumapeto kwa Okutobala nthawi yawo imatsalira ndi maola awiri, ndipo mufunseni ngati wadya.